Tsoka silinunkha: tichotse moto wa golide m'nyumba

Pa tsamba lino timakonda kukambirana za malungo, kutsekula m'mimba, likodzo ndi matenda ena amene tonse timawadziwa kuno kunyanja. Lero ndikupemphani kuti tikambirane za mdani wina amene alibe fungo, alibe mtundu, ndipo salira kukhutu ngati udzudzu. Iyeyu amalowa m'thupi pamodzi ndi mpweya umene timapuma. Dzina lake m'Chipwitikizi ndi mercúrio, ife timangoti merikuriyo, ndipo amene anagwirapo ntchito ndi anzathu a ku Tanzania amamudziwa ndi dzina loti zebaki.

Taganizirani izi. Mnyamata wa pano pa Msumba wabwerako ku Lupilichi kumene anakhala miyezi isanu akukumba golide. M'thumba mwake muli kampira kotuwa, kochepa ngati nsawawa, komangidwa pa kansalu. Kutada, watseka chitseko ndi mawindo poopa maso a anthu. Watenga supuni, waikapo kampira kaja, n'kuika pa mbaula imene amayi ake aphikirapo nsima. Mlongo wake woyembekezera wakhala pafupi kuonerera, ndipo kamwana kagona pamphasa chapomwepo. Patangopita mphindi zochepa, kotuwa kaja kasanduka kachikasu. Golide watuluka! Onse akumwetulira.

Koma ndikufunseni: kotuwa kaja kapita kuti? Pafupifupi theka la kampira kaja linali merikuriyo. Iyeyu sapsa ngati nkhuni n'kusanduka phulusa, ayi. Wasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ili m'chipinda chotsekacho, m'mapapo mwa onse amene ali m'menemo, mpaka m'magazi a mwana amene sanabadwe.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindizungulira. Sindikuuza munthu kuti asiye kufuna golide, chifukwa ndikudziwa malata, maukonde, mainjini a maboti ndi mayunifomu a ana amene agulidwa ndi ndalama za kumgodi. Koma kuwotcha golide wosakaniza ndi merikuriyo m'nyumba, kukhitchini, m'sitolo kapena pakati pa anthu kuyenera kutha, kaya ndi ku misasa ya kumgodi, kaya ndi kuno kumudzi. Ndipo zimenezi tikhoza kuzithetsa ife eni ake, osadikira mlendo.

Merikuriyo amagwira ntchito yanji kumgodi?

Lupilichi ali kumpoto kwa boma lathu lino la Lago, m'dera la Cóbuè, kufupi ndi malire a Tanzania. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu akhala akukumba golide kumeneko, m'malo monga M'Papa, pogwiritsa ntchito mapiki, mafosholo ndi mabeseni. Golide wambiri amakhala ngati fumbi lobisika m'mwala kapena mumchenga, ndipo kumutola ndi zala sikutheka. Apa ndi pamene merikuriyo amalowera.

Merikuriyo ndi chitsulo, koma ndi chamadzimadzi, chonyezimira ngati siliva. Ndi wolemera modabwitsa: lita imodzi imalemera makilogalamu oposa 13. Wokumba akasinja mwala n'kutsuka dothi m'beseni, amathiramo madontho a merikuriyo n'kutakasa ndi manja. Merikuriyo amagwira fumbi la golide ngati ulimbo. Kenako amafinya pa nsalu, n'kutsala kampira kotuwa kaja. Kuti golide atsale yekha, amawotcha. Merikuriyo amawira pa madigiri 357, ndipo moto wa makala umapitirira pamenepo, choncho amauluka msanga.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri sadziwa. Choyamba, merikuriyo sadikira moto kuti auluke. Botolo losatseka bwino, kapena madontho amene agwera pansi n'kulowa m'ming'alu, amatulutsa nthunzi pang'onopang'ono usana ndi usiku, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Chachiwiri, golide wowotchedwa kamodzi amakhalabe ndi merikuriyo wotsalira. N'chifukwa chake wogula amamuwotchanso asanaike pa sikelo, ndipo nthawi zambiri amachita zimenezi m'kasitolo kapena pamsika, pafupi ndi ogulitsa mandasi ndi ana osewera.

Zimene nthunzi imeneyi imachita m'thupi

Wokumba wina akhoza kukuuzani kuti, "Ine ndamugwira ndi manja zaka zambiri, ndipo ndilipo." Akunena zoona pang'ono. Merikuriyo wamadzimadzi salowa kwambiri kudzera pakhungu. Khomo lake lalikulu ndi mphuno. Pa magawo 100 a nthunzi imene munthu wapuma, pafupifupi magawo 80 amalowa m'magazi kudzera m'mapapo. Akalowa amapita ku ubongo ndi ku impso. Thupi limatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti lichotse theka lokha la merikuriyo amene walowa, ndipo wina amene wafika mu ubongo akhoza kukhalamo zaka. Ndiye ganizirani za munthu amene amawotcha sabata ndi sabata: wakale asanatuluke, watsopano walowa kale.

Munthu akapuma nthunzi yambiri nthawi imodzi, monga m'chipinda chotseka, amatsokomola, chifuwa chimapweteka, amabanika, thupi limatentha, ndipo ena amamwalira chifukwa mapapo atupa. Koma nthawi zambiri matendawa amabwera mwakachetechete. Zala zimayamba kunjenjemera, moti munthu amavutika kulemba dzina lake, kulowetsa ulusi pa singano kapena kusoka ukonde. Mutu umapweteka kawirikawiri, tulo sitibwera, amaiwalaiwala. M'kamwa mumamveka ngati muli chitsulo, malovu amachuluka, nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi. Khalidwe nalo limasintha: munthu amene anali wansangala amayamba kupsa mtima pa zazing'ono, kapena kuchita manyazi ndi kuthawa anthu. Impso zimawonongeka pang'onopang'ono.

Onani tsono pamene pagona vuto. Zizindikiro zimenezi tonse tili nawo kale mayina ake. Mutu ndi kutentha thupi timati malungo. Kunjenjemera timati kachasu. Kusintha khalidwe timati ndalama zamuzunguza mutu, kapena wakhwimira golide, kapena amulodza. Zikafika pamenepo, gogo wosalakwa amalozedwa chala, banja limagawanika, mbuzi imapita kwa sing'anga, pamene mfiti yeniyeni ili m'botolo pansi pa bedi.

Amene ali pa ngozi yaikulu ndi mwana amene ali m'mimba. Merikuriyo amadutsa kuchoka m'magazi a mayi kupita kwa mwana pa nthawi imene ubongo wake ukupangika. Mwana wotere akhoza kuchedwa kuyenda ndi kulankhula, ndipo kusukulu zinthu sizilowa m'mutu ngakhale aphunzitsi ayesetse bwanji. Zimene zawonongeka mu ubongo wa mwana sizibwereranso. Ana aang'ono nawonso amapuma mofulumira kuposa akuluakulu, ndipo amakwawa ndi kugona pansi pamene madontho amagwera. Komanso moto ukazima nkhani siithera pomwepo. Nthunzi imamatirira ku makoma, ku denga, pa zovala ndi pa zofunda, ndipo imatulukanso pang'onopang'ono kwa miyezi. Wowotcha uja amabwerera kumgodi, koma mayi ndi ana amatsala akupuma. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika merikuriyo pa mndandanda wa mankhwala khumi oopsa kwambiri pa umoyo wa anthu, ndipo silinachite zimenezi mwamasewera.

"Koma ife tili kutali ndi mgodi"

Mwina inu amene mukuwerenga muli ku Chuanga kapena ku Metangula, simunapondeko ku Lupilichi, ndipo m'banja mwanu mulibe wokumba. Mukhoza kunena kuti za golide ndi za eni ake. Koma mpweya ulibe malire a mfumu. Merikuriyo akakwera kumwamba akhoza kukhala mumlengalenga miyezi ingapo, mpaka chaka, akuyenda ndi mphepo. Ife anthu a kunyanja timadziwa mwera ndi mpoto, ndipo timadziwa kuti mphepo imanyamula utsi wa lupsa kuchoka kumapiri mpaka pakati pa nyanja. Wina amagwa pafupi ndi pamene anawotchera, wina amawoloka mayiko, ndipo pamapeto pake amatsika ndi mvula ndi fumbi, kugwera m'minda, m'mitsinje monga Lunho, ndi m'nyanja.

Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, mu lipoti lake la 2018, linawerengera kuti m'chaka cha 2015 ntchito za anthu zinatulutsira mumpweya matani pafupifupi 2,220 a merikuriyo padziko lonse. Pa magawo 100 alionse, pafupifupi 38 anachokera kwa okumba golide ang'onoang'ono, ndipo 21 anachokera ku kuwotcha malasha. Ndiye kuti supuni ndi mbaula, zikaphatikizidwa dziko lonse, zimaposa mafakitale akuluakulu oyendera malasha. Tisamadzione ngati ochepa.

Merikuriyo akafika m'madzi, tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'matope timamusintha kukhala mtundu wina woopsa kwambiri umene umakhazikika m'mnofu wa nsomba. Kansomba kakang'ono kamadya pang'ono, nsomba yokulirapo imadya tinsomba tambiri, ndipo kampango, ncheni kapena bombe amasonkhanitsa za onsewo. Pamapeto pa mzerewo pali mbale yanu.

Anthu a m'tauni ya asodzi yotchedwa Minamata ku Japan anaziona zimenezi ndi maso. Kumeneko fakitale ya kampani ya Chisso inkatayira madzi okhala ndi merikuriyo m'nyanja. Amphaka anayamba kuzungulirazungulira ngati openga n'kumagwera m'madzi. Mu 1956 madokotala anazindikira matenda achilendo pakati pa mabanja a asodzi: dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kudzandira, kusaona bwino, kusalankhula bwino. Ana ena anabadwa olumala ngakhale amayi awo ankaoneka athanzi. Anthu oposa 2,000 anavomerezedwa ndi boma kuti anadwala matendawa, ndipo ambiri mwa iwo anamwalira.

Apa ndimveke bwino, kuti wina asapite kukanena kuti wailesi yaletsa nsomba. Kafukufuku amene asayansi anasindikiza mu 2003 anapeza kuti nsomba za m'nyanja yathu ino zinali ndi merikuriyo wochepa, ngakhale kuti zodya zinzake zinali ndi wochulukirapo kusiyana ndi zazing'ono. Usipa, utaka ndi chambo ndi chakudya chabwino kwa amayi oyembekezera ndi ana, ndipo pitirizani kudya. Mfundo yanga ndi yakuti nyanja yoyera ndi chuma chimene tinachipeza, ndipo merikuriyo akalowa m'matope a nyanja palibe amene angakamuvuule. Madzi akatayika saoleka.

Zimene ena amanena

Ndamvapo zifukwa zingapo, ndipo sindikufuna kuzinyoza, chifukwa amene amazinena si anthu opusa.

Ena amati, "Tikawotchera panja, akuba ationa." Mantha amenewa ndi enieni. Koma chitseko chimene chikutsekera wakuba panja ndi chomwecho chikutsekera poizoni m'kati. Yankho lake si kubisala m'chipinda cha ana. Yankho ndi malo amodzi owotcherapo, kunja kwa mudzi kapena kunja kwa msasa, kumene okumba a gulu limodzi amapita pamodzi n'kutetezana okha.

Ena amati, "Ndikamaliza ndimamwa mkaka, umatsuka." Mkaka ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, pamene nthunzi yapita m'mapapo ndi m'magazi. Sizikumana n'komwe. Chimodzimodzi kansalu kapena masiki ya pamphuno ngati imene tinkavala nthawi ya COVID-19: imatchinga fumbi, koma nthunzi ya merikuriyo imadutsa ngati madzi m'ukonde.

Ena amati, "Tawotcha zaka zonsezi, wafa ndani?" Ndiyankhe ndi funso: tawerenga ndani? Munthu akayamba kunjenjemera amasiya mgodi n'kubwerera kwawo, ku Cóbuè, ku Lichinga kapena ku Tanzania, ndipo kumsasa amangoti anatopa. Mwana amene akulephera kusukulu palibe amene amakumbukira supuni imene inali pa mbaula iye ali m'mimba. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Merikuriyo ndiye sanunkha ngakhale pang'ono.

Njira ilipo, ndipo si yodula

Mayi aliyense amadziwa kuti akavundikira mphika, nthunzi imasanduka madontho pa chivundikiro. Aliyense amene anaonapo motchezera kachasu amadziwa kuti nthunzi ikadutsa m'paipi yozizira imasandukanso madzi. Chipangizo chotchedwa retorta chimagwira ntchito chimodzimodzi. Kampira kaja kamawotchedwa m'chotengera chotseka, nthunzi imazizira, ndipo merikuriyo amabwerera kukhala wamadzimadzi m'malo mouluka. Retorta yogwiritsidwa bwino ntchito imagwira magawo oposa 90 pa 100 a merikuriyo. Wokumba amamugwiritsanso ntchito m'malo mogula wina, ndiye kuti thumba nalo limapindula.

Izi si za kunja kokha. Mu 2005, ku Munhena m'chigawo cha Manica, m'dziko lathu lomwe lino, akatswiri a pulojekiti ya bungwe la UNIDO anayeza mpweya wotuluka m'kamwa mwa okumba golide, ndipo anapeza kuti amene ankawotcha anali ndi merikuriyo wambiri kuposa anzawo. Kenako anaphunzitsa anthu kupanga retorta ndi zinthu za pamsika: mabakuli achitsulo, kakapu, mchenga wonyowa wotsekera m'mbali, ndiponso mapaipi a madzi. Ngati a ku Manica anatha, amisiri athu amene amakhoma ndowa ndi kuwotcherera zitsulo ku Metangula angalephere bwanji?

Retorta ili ndi malamulo ake. Igwiritsidwe ntchito panja, kutali ndi nyumba, osati m'chipinda. Isatsekulidwe isanazizire kotheratu, chifukwa mukafulumira nthunzi yonse ikuthirani kumaso. Mabakuli ake asadzalowenso kukhitchini mpaka kalekale. Ndipo retorta ndi poyambira chabe. Kumene tiyenera kufika ndi kusiyiratu merikuriyo, pakuti zilipo njira zotsuka bwino mchenga mpaka golide atatsala wochuluka, kenako n'kumusungunula ndi mankhwala a borax.

Mayiko anagwirizana kale pa nkhaniyi. Mu Okutobala 2013 anasaina pangano lotchedwa Minamata, pokumbukira anthu a m'tauni ija, ndipo Mozambique anali m'gulu la osaina. Panganoli linayamba kugwira ntchito pa 16 Ogasiti 2017. Pakati pa zinthu zimene limati ziyenera kutheratu pali kuwotcha kampira kaja poyera popanda chogwira nthunzi, ndi kukawotchera m'malo okhala anthu. Koma pangano losainidwa ku Japan silingalowe lokha m'khitchini ya pa Msumba. Olilowetsa ndi inu ndi ine.

Tichite chiyani tsono?

Inu achimwene amene mumapita kumgodi: musabwere ndi merikuriyo kunyumba. Ngati muli naye, akhale m'botolo lolimba lotseka bwino, lokhala ndi madzi pang'ono pamwamba pake, kunja kwa nyumba yogona, kumene ana sangafike. Zovala zowotchera zisalowe m'chipinda ndipo zisachapidwe pamodzi ndi za ana. Powotcha, mphepo ichokere kumsana kwanu, ndipo kumene ikupita kusakhale anthu.

Inu amayi ndi alongo: mbaula ndi yanu. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Pano ayi." Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asayandikire pamene akuwotcha, asatakase merikuriyo m'beseni, ndipo asatumidwe kukawotcha poti iye ndiye amadziwa kusonkha moto. Kukana kotere si mwano kwa abambo. Ndi kusamala mbewu ya banja lomwelo.

Inu ogula golide: sikelo yanu isakhale pakati pa msika. Phindu mukulipeza, gulani retorta.

Inu mafumu athu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi a makomiti a zaumoyo: munatha kukhazikitsa lamulo loti nyumba iliyonse ikhale ndi chimbudzi. Mukhozanso kukhazikitsa loti m'mudzi muno golide sawotchera m'nyumba. Magulu a okumba apatule malo owotcherapo, ndipo akuluakulu a boma oona za migodi ndi zaumoyo tikuwapempha maphunziro a retorta ndi njira zosafuna merikuriyo, m'chinenero chimene okumba amamva.

Tonsefe tikumbukirenso kuti merikuriyo amapezeka m'zinthu zina za pakhomo: choyezera kutentha kwa thupi chagalasi chokhala ndi kamzere konyezimira, mababu aatali oyera ndi opiringizika aja, mabatire ena ang'onoang'ono onga mabatani, ndi mafuta ena oyeretsa khungu. Zimenezi musaziponye pamoto wa zinyalala. Choyezera chikasweka, tulutsani ana, tsekulani mawindo ndi zitseko, ndipo musasese ndi tsache chifukwa limamwaza timadontho. Sonkhanitsani timadonthoto ndi kapepala kolimba, ikani m'botolo lotseka, ndipo funsani a zaumoyo kumene mungakasiye.

Ngati inu kapena m'bale wanu wakhala akuwotcha, ndipo zala zikunjenjemera, mutu sukutha, tulo tasowa kapena nkhama zikutuluka magazi, pitani kuchipatala ndipo mukanene ntchito imene mumagwira. Musabise. Namwino sangalote kuti munali ku Lupilichi, ndipo mukapanda kunena adzafunafuna malungo okha. Mankhwala oyamba ndi kusiya kupuma nthunziyo, ndipo ambiri amene asiya msanga amayamba kupeza bwino.

Owerenga okondedwa, wakutsina khutu ndi mnansi. Mnyamata uja anapita ku Lupilichi chifukwa chokonda abale ake, kuti amayi ake agone m'nyumba ya malata ndipo mwana wa mlongo wake adzapite kusukulu. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti malata akhomedwe, yunifomu igulidwe, koma mwanayo n'kumalephera kugwira pensulo. Kope lino mukawerenga musalikulungire usipa. Mupatseni amene akukwera ulendo wa kumgodi sabata ino, akawerengere anzake kumsasa.